Pini ya pa tsamba 14

Lolemba

Dailekitala 09:12
script mwalandira nonse awiri? part 2 yatheka tsopano, patatha zaka sikisi 🎬 kujambula tiyamba pa 20

Dailekitala 09:13
Sipanala ndi adadi ake akubwerera pa screen. anthu atopa nkundifunsa

Adadi 09:30
Ndalandira bwana. Magalasi ndasiya kunyumba, ndiwerenga ndikafika.

Ine 10:05
ndalandira zkm. ndili pa kauntala, eni hardware alipo. ndiwerenga pa lunch

Ine 12:41
ndafika tsamba 14

Ine 12:42
a dailekitala ichi nchiyani

Ine 12:58
ndikuona kt mwawerenga

Dailekitala 14:20
sorry ndinali mu meeting. tsamba 14 ndiye mtima wa filimu yonse. Sipanala, mtsikana wanzeru amene amakonza zonse zomwe bambo ake aononga, watenga mimba ali pasukulu. palibe angaganize zimenezo. twist

Ine 14:23
twist imeneyo ndi moyo wanga. ndinasewera Sipanala ndili ndi zaka 16, chaka chotsatira anandichotsa sukulu ndi mimba ya Dudu. mukudziwa inu

Dailekitala 14:25
ndi character iwe, si iwe

Ine 14:26
pa msewu wathu palibe amadziwa dzina langa lenileni. makasitomala amalowa nkumati Sipanala tipatse misomali. ntchito inoyi anandilemba coz ya filimu ija. ndye character ndi ndani, ine ndi ndani

Dailekitala 14:31
werenga mpaka kumapeto kaye. imatha bwino, Dudu akutulukamo atanyamula sipanala. anthu adzalira

Ine 14:32
Dudu wanga?

Dailekitala 14:32
scene imodzi basi. mwana ndi photogenic uja

Ine 14:33
kasitomala wabwera

Lachiwiri

Ine 07:50
ndamaliza yonse. ndinawerenga Dudu akusamba mu beseni, ina ndawerengera mu basi

Ine 07:51
🎤 voisi 1:12
A dailekitala, ndilankhule pakamwa chifukwa kulemba ndichedwa. Mu part 1 anthu ankaseka chiyani? Adadi amanga chitseko cha filiji ndi lamba wawo, buluku nkugwa alendo ali pakhomo. Adadi akonza mpope, madzi nkutulukira ku bafa ya aneba. Anthu ankaseka chifukwa aliyense ali ndi bambo kapena malume wotero, wosavomera kuti zamukanika. Ndipo palibe ankapweteka. Pomaliza tonse timakhala pa tebulo lopendama lija, kuika buku pansi pa mwendo, nkudya. Mu iyi ndawerenga masamba makumi asanu ndi limodzi, nthabwala zonse ndi mimba. Mimba yakanika kulowa pa desiki, mimba yagunda chitseko, mimba yasanza mu assembly. Mu yoyamba ankaseka nafe. Mu iyi akuseka mtsikana mmodzi.

Dailekitala 08:40
ndamva. koma part 2 iliyonse imafuna chinthu chachikulu kuposa yoyamba. ukabwereza filiji anthu amati tinaona kale. ma family comedy onse ndi choncho, yachiwiri pamabwera mwana kapena banja lipita pa ulendo

Ine 08:42
ndye tiyeni pa ulendo

Dailekitala 08:43
kkkk ulendo umafuna galimoto ndi ma location. mimba imafuna pilo imodzi

Ine 08:44
sindikuseka

Ine 08:47
ndipo ma part 2 amenewo ndimaonera ndi Dudu. yoyamba timabwereza mpaka foni kutentha. yachiwiri Dudu amadzuka pakati kukasewera panja. amaonjezera phokoso, anthu akugwagwa, koma sumawakondanso anthu ake

Dailekitala 08:50
Dudu ali ndi zaka 4, si market yathu

Ine 08:51
si market yanu koma mukumufuna pa tsamba 60

Ine 12:35
adadi mwapeza magalasi?

Ine 16:10
adadi

Lachitatu

Ine 10:15
📷 chithunzi
📷 chithunzi

Ine 10:16
ndalemba kuseri kwa mapepala a shop, pepani handwriting. maganizo anga ndi awa. Sipanala wakula, ali ndi mwana, inde, sitikubisa. ali ndi kashop kokonza zinthu. adadi apuma pantchito ndye abwera kudzamuthandiza, nkumaononga katundu wa makasitomala. ailoni ya munthu ikuyamba kuzizira, fani ikuyenda chambuyo. mimba sitikuionetsa, tikuyambira pomwe mwana wabadwa kale

Ine 10:17
location ilipo, eni shop avomera Lamulungu tikatseka. ndawafunsa kale

Dailekitala 11:52
ndi cute. koma ndi part 1 itavala malaya ena. ma sponsor akufuna chatsopano

Ine 11:54
chatsopanocho ndine eti

Dailekitala 11:55
usazitengere personal. atsikana ambiri zimawachitikira, tikuphunzitsanso anthu

Ine 12:03
ok. ndye ndifunse chimodzi

Ine 12:04
atsikana ambiri zimawachitikira. koma tsamba 14 likuti zipi ya siketi ya yunifolomu yakana kutseka, wamanga ndi pini. ali mu ofesi ya ahedi pini yatseguka nkudumpha. inu mwalemba kt yagwera mu kapu ya tiyi wa ahedi, ndi sound effect

Ine 12:05
yanga inagwera pansi pa simenti. panalibe tiyi. ahedi anayang'ana pini, anayang'ana mimba, nkutsegula drawa kutenga kalata

Ine 12:05
za pini amayi anga sakudziwa. bambo ake a Dudu sakudziwa, anali atathawa kale. ndinauza munthu mmodzi

Dailekitala 12:20
writer amatola nkhani paliponse

Ine 12:21
sindikufunsa inu

Ine 12:22
adadi. tsiku lija ndinaopa kupita kwathu. ndinayenda nditagwira siketi ndi dzanja mpaka kwanu, ndinakhala pa sitepe. munandipatsa lamba wanu, yemweyo wa filiji, munaboola bowo lina ndi msomali kt andikwane. kenako munandiperekeza kwa amayi, inu kutsogolo

Ine 12:23
simuli bambo anga enieni koma tsiku limenelo ndinaiwala

Ine 15:40
adadi, foni ikuonetsa kt mwawerenga 12:30

Lachinayi

Adadi 06:48
🎤 voisi 1:37
Mwanangu, ndine. Magalasi ndinali nawo kuyambira Lolemba, ndinanama. Ndinawerenga, nditafika pa pini ndinatseka. Ndine ndinawauza a dailekitala. Chinali chaka chatha, tinakumana pa maliro a amene ankatigwirira kamera uja. Tili kudikira panja anandifunsa kuti Sipanala ali kuti masiku ano. Ndinawauza kuti uli pa hardware, ukulera mwana wekha, ndiwe munthu wolimba. Ndiye pofuna kusonyeza kulimbako ndinafotokoza za tsiku lija. Sindinanene moseka ayi. Koma iwe ukundidziwa, pakamwa pangapa chilichonse chimatuluka ngati nthabwala, ndi matenda a ntchito yathu. Nditafika pa pini iwo anaseka. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, nditaona kuti munthu waseka, ndinabwerezanso ndi manja. Zaka zisanu palibe anali atandisekapo. Ndilibe chonena china.

Ine 07:30
ndamva

Ine 07:31
ndikumusiya Dudu ku nazale

Dailekitala 09:05
madala musadzipweteke mtima, munandipatsa golide. Sipanala tamvera, ukaisewera wekha nkhaniyi imakhala yako. ukuitenga mmanja, ukuseka nawo. ndi power

Ine 09:40
power ndi kuvala pilo?

Ine 09:42
ku nazale kuli azimayi amene amandipatsa moni coz ana awo amakonda Sipanala. filimu ikatuluka ana omwewo adzamuuza Dudu kt iwe ndiwe pilo ija. adzadumphitsa mapini pa break. ine ndinazolowera kuyang'anidwa, mwanayu sanalakwe kanthu

Dailekitala 09:50
ok Dudu timuchotse, tipeza mwana wina

Ine 09:51
ndi tsamba 14?

Dailekitala 09:58
ndinawawerengera ma sponsor scene imeneyo, mmodzi anatsamwa ndi madzi kuseka. ndi imene yatsegula chitseko. ndikaichotsa palibe filimu

Ine 10:00
ndye mulibe Sipanala

Dailekitala 10:01
ganiza kaye mpaka Lolemba. mwayi ngati uwu subwera kawiri, sudzakhala pa kauntala moyo wonse

Ine 10:03
pa kauntala palibe amandiuza kt ndigwetse siketi take 1 take 2

Lolemba

Dailekitala 08:15
Sipanala?

Ine 08:50
yankho ndi lomwe lija

Dailekitala 13:02
📷 chithunzi

Dailekitala 13:03
ndikuuza ndekha usanamve kwa anthu. uyu ndi amene atenge part. wachita drama ku college, akufanana nawe pa mphumi. dzina likhala lomwelo coz ndi la kampani

Ine 13:20
ovolosi yamukulira. mupinde miyendo kawiri, ndi mmene ndinkachitira

Ine 13:21
mwamuuza kt ndi nkhani ya munthu?

Dailekitala 13:30
akudziwa script

Dailekitala 13:32
chinanso. sipanala ija ya chogwirira chofiira uli nayo iwe eti? fans amaikumbukira, tikuifuna pa poster. nditumize munthu?

Ine 13:45
ili pa ntchito. ndi imene ndimamangira bedi la Dudu likayamba kugwedera, komanso mpope wa panja

Ine 13:46
ndi size 13. pa shop zilipo, shelefu yachitatu kumanzere. penti yofiira ili pafupi ndi khomo. timatseka 5

Dailekitala 13:47
usakhale choncho

Dailekitala watuluka mu gulu

Lachiwiri

Adadi 11:10
Mwanangu, tatsala awiri muno.

Adadi 11:14
Ndiyenera kukuuza. Ine ndinasaina mwezi watha, script ndisanaione. Ndikhoza kupita kukawauza kuti ndasiya. Ukanena, ndipita lero.

Ine 12:40
musandisenzetse zimenezo. mukasiya muzidzati ndinasiya coz ya mwana uja, ndipo akazi anu kunyumba adzandiyang'ana bwanji. zaka zonsezi mukungokhala pa khonde, ndikudziwa

Ine 12:42
mukasiya adzapeza mdala wina ngati mmene apezera ine wina. filimu ituluka basi. pitani mukajambule

Adadi 12:50
Ndiye wandikhululukira?

Ine 12:58
sindinanene zimenezo. ndati pitani ku ntchito

Ine 12:59
mankhwala a bp muzinyamula, pa set amaiwala kudyetsa anthu

Pa 20

Adadi 10:22
Tili pa sukulu ina, atibwereka ofesi. Lero ndi tsamba 14.

Adadi 10:41
Mtsikanayu wandifunsa kuti ine monga bambo ndimuuze aime bwanji pini ikagwa. Ndamuuza kuti sindikudziwa.

Adadi 11:05
Pini anaiika pa tebulo la ahedi pafupi ndi kapu. Ndaitenga. Ili mthumba mwanga. Anthu khumi akukwawa pansi kuifunafuna, dailekitala akukalipira aliyense. Ine ndangokhala pa mpando.

Ine 11:30
adadi pini ndi kanthu kotchipa. atuma munthu ku golosale

Adadi 11:34
Atuma kale.

Adadi 11:35
Ndimangofuna udziwe kuti imene inali pa tebulo ili ndi ine.

Adadi 12:48
Ajambula. Ma take asanu ndi awiri. Onse aseka, mpaka wa kamera. Ine ndinatuluka panja.

Adadi 15:15
Dudu ali bwanji? Amandifunsabe?

Ine 17:20
ali bho. Lamulungu tinaoneranso ya filiji, amakutchulani agogo a buluku

Ine 17:22
wamva ku nazale kt kukubwera part 2. anandifunsa mu basi

Adadi 17:23
Wamuuza chiyani?

Ine 17:40
ndamuuza kt ya ife inathera pa tebulo lopendama lija

Adadi 17:41
Ndingabwere Lamulungu kudzamuona?

Adadi 18:05
Mwanangu?