Chidakwa, Wansembe ndi Hutala ya Bambo

Loweruka, 6 Seputembala

Ndafika madzulo. Mvula kuyambira ku Limerick mpaka pakhomo. Bambo awonda. Chitsulo choyendera chimene anawapatsa kuchipatala achisandutsa poyanika masokosi. Opaleshoni ya m'chiuno akuti inayenda bwino, koma masitepe opita kuchipinda chawo akukwera chokhala pansi, chafutambuyo. Akuganiza kuti sindinawaone.

Cathal waimba kawiri. Mlongo wanga ameneyu amatha kulamula zinthu ali ku Toronto. Malo kunyumba yosungirako okalamba atisungira mpaka Lachisanu. Ntchito yanga: kunyengerera, kulongedza, kukiya nyumba. Tchuthi cha sabata imodzi, chosalipidwa.

Nkhaniyo ndaiyambitsa pa tiyi. Sanakane, ndipo ndicho chandiopsa. Akuti apita, koma pa tebulo ili pakhale kaye nsomba imodzi ya bass ya kunyanja, pa thanthwe la Carrigeen, yogwidwa ndi ndodo yawo yowedzera. Ndawakumbutsa kuti dokotala analetsa za matanthwe. Yankho: “Uponya ndiwe. Manja akowo ndinapanga ndine, ndi anga omwe.”

Ine wogulitsa mankhwala m'sitolo, imvi mbuu, sindinagwirepo ngakhale nkhanu. Ndavomera. Nsomba imodzi ingavute pati?

Lamlungu, 7 Seputembala

Titachoka ku Misa, sukulu m'khitchini. Chitini cha mabisiketi chodzaza nyambo zopanga, iliyonse ndi dzina lake. Mayina a adzukulu awo amawasokoneza, koma awa ayi.

Wansembe: wakuda, khosi loyera, amamira pang'ono pansi pa madzi. Wa tsiku la mitambo.

Mkazi wa Dokotala: chitsulo chonyezimira, cholemera, cha tsiku la mphepo. Akuti amafika patali ndipo aliyense amamuona. Mayi amene dzinali linachokera kwa iwo anamwalira kale, Mulungu awakhululukire, iwo ndi Bambo omwe.

Tina tofewa ta labala, ngati timikunga, mbedza yobisika pamsana kuti isakole udzu wa m'madzi. Fungo lake ngati nsapato yonyowa.

Ndiye pali Chidakwa. Wamtengo, utoto unatha, samira. Umagwedeza nsonga ya ndodo uku ukukulunga chingwe, iye n'kumadzandira pamwamba pa madzi, uku ndi uku. “Aziyenda ngati Fonsie akuchokera ku bala,” atero Bambo, kunena aneba. Bass akuti siidya mtengo chifukwa cha njala yokha. Imadya chifukwa cha mkwiyo.

Masana kuphunzira kuponya kuseri kwa nyumba. Koyamba, mu kabichi. Kachiwiri, pa denga. Kachitatu Mkazi wa Dokotala wadutsa mpanda n'kukakola kabudula wamkati wa a Fonsie pa chingwe choyanikira. Ndakoka ndisakudziwa. Wabwera yense ngati mbendera.

A Fonsie Kiely ndi aneba athu, anafedwa mkazi kalekale, amawedza ndi nkhanu yeniyeni basi. Iwo ndi Bambo anayamba kukangana za nyambo ine ndisanabadwe. Abwera pampanda, alandira kabudulayo mwaulemu, ayang'ana nyambo ija n'kuti aka n'koyamba kuona zidole za Mossie, kunena Bambo, zitagwira kanthu.

Bambo aseka mpaka kutsokomola. Sindinawamve akuseka chotere chimwalirireni Mayi.

Lolemba, 8 Seputembala

Tsiku loyamba pa thanthwe. Galimoto taimika pamwamba pa phompho, Bambo m'kati ndi bulangete, fulasiki ndi magalasi oonera patali. Ine pansi, m'majombo awo ofika m'chifuwa. Mungalowe anthu awiri.

Netiweki pa thanthwepo imabwera ikafuna, ndiye tagwirizana kuti azindilangiza ndi hutala ya galimoto. Kamodzi: kulunga pang'onopang'ono. Kawiri: sintha nyambo. Yaitali sanandiuze tanthauzo lake. Ndalidziwa ndekha pasanathe nthawi.

Zimene ndagwira: udzu wa m'madzi, udzu winanso, chipewa changa chomwe. Mayi wina woyendetsa galu wakagogoda pa galimoto kufunsa ngati akuluwa akudwala.

A Fonsie pa thanthwe lawo chapatali, atakhala pa ndowa, ndodo ili chiimire yokha. Iwonso sanagwire kanthu, koma sanatope nazo.

Madzi atayamba kuphwa Wansembe wakola pansi. Ndakoka, ndakoka, chingwe phwi. Tili pafupi kufika kunyumba, Bambo ati nyambo imeneyo inagwira nsomba tsiku limene Cathal anabadwa. Ndafunsa ngati ndi chifukwa chake anachedwa kuchipatala tsiku limenelo. Ayang'ana kunja.

Mapewa akuwawa. Zala zatupa. Sindinalongedze ngakhale katoni imodzi.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Mphepo yochokera kunyanja, madzi ofiirira ngati tiyi wamkaka. M'madzi otere akuti nsomba siiona bwino, pamafunika chowala kapena choyera. Mkazi wa Dokotala. Lero wapita kumene ndinafuna, kangapo ndithu. Sindinauze munthu kuti zandisangalatsa.

Cha kumasana chingwe chanjenjemera. Ndakulunga, ndatulutsa nsomba ya mizeremizere, ndakwera nayo chitunda chonse m'majombo aja ndikupuma ngati ng'ombe. Bambo atsitsa galasi pang'ono, ayang'ana: “Makerele. Kam'patse mphaka.”

Tinadya tokha. Inali yokoma.

Tisanafike podya, galimoto inakana kulira. Hutala, wailesi ndi chotenthetsera m'kati, batire yatha. Wotithandiza panalibe wina koma a Fonsie ndi chigalimoto chawo chonunkha nkhanu. Akulumikiza mawaya osathamanga, uku akundilangiza mokweza kuti Bambo amve: nditaye zidole, nditenge nkhanu yofewa, ndiponye pafupi ndi thovu, ndikhale pansi ngati Mkhristu. Bambo akweza galasi mpaka kumapeto.

Ndapita kusitolo ya zowedzera kukafuna Wansembe wina. Kansomba ka pulasitiki mtengo wake ngati nsapato zabwino. Ndagula, ndalumira mano. Bambo akatembenuza kawiri n'kuti uyu ndi wa mpingo wina.

Cathal pa foni: bwanji osangogula bass kwa wogulitsa nsomba, kuikola pa mbedza kuseri kwa thanthwe, nkhani n'kutha? Ndamuuza kuti ndiganiza. Ndinapitadi kukaziona pa ayezi. Zonenepa, zofanana zonse, zakulira m'khola kunja kwa dziko. Bambo angazidziwe ali m'tulo. Komanso, sindikudziwa. Sindinafune.

Lachinayi, 11 Seputembala

Dzulo sindinalembe.

Dzulolo m'mawa ndinapeza Bambo ali pansi m'bafa. Anaterereka, ndipo sanandiitane. Anangokhala pamenepo atadzifunditsa thawulo, kudikira kuti mwina mwendo uvomera. Sanathyoke paliponse, namwino anabwera n'kuwaona. Koma powadzutsa ndinawanyamula ndekha, mosavuta. Munthu amene ankandiyendetsa pa phewa kukaona mabwato. Ndinakalirira m'shedi, pakati pa ndodo.

Cathal akunena zoona za kunyumba ya okalamba. Ndimadana nazo akamanena zoona.

Ndinati basi, zowedza zatha. Iwo anati pangano ndi pangano, ndipo madzi adzaza cha kumadzulo. Tinapita.

Mphepo inali italeka. Hutala kawiri, ndinamanga Chidakwa. Poyamba ankangobwera mowongoka ngati munthu wosalawa n'komwe. Kenaka dzanja linapeza lokha, sindikudziwa bwanji, n'kuyamba kudzandira. Kumbuyo kwake madzi anatukuka, msana wotuwa, kukamwa ngati kapu. Ndinakuwa n'kukoka ndi mphamvu zonse. Chidakwa anauluka kudutsa khutu langa.

Hutala yaitali. Yaitali kwambiri. Mbalame zonse zinanyamuka pa phompho.

M'galimoto anandiuza kuti sukoka ukaona, umakoka ukamva kulemera. Ndipo ikamatsatira osaluma, umaimitsa nyambo, kuisiya ingokhala ngati yafa.

Lero mvula yamphamvu, nyanja yolusa, sitinapite. Ndalongedza makatoni atatu. Zovala, zithunzi, mankhwala. Ndafunsa za chitini cha nyambo. Ati kwa okalambako kulibe chowedza kupatula mano a anthu m'matambula.

Mawa Lachisanu. A kunyumba ya okalamba akufuna yankho dzuwa lisanapendeke.

Lachisanu, 12 Seputembala

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

M'mawa mitambo, mphepo yochepa, madzi ayera. Akudzaza pang'onopang'ono pamwamba pa udzu. Tinsomba ting'onoting'ono tikudumpha m'mbali mwa thanthwe ngati wina akutiwaza. Bambo anati ndiyambe ndi ta labala. Ine ndinamanga Chidakwa. Hutala kawiri. Ndinachita ngati sindinamve.

Kuponya, kudzandiritsa, palibe. Kuponyanso. Ali pakati pa ulendo mphuno inayamba kuyabwa, ndinaima kuti ndikande. Ndinene zoona, si luso ayi, ndi mphuno. Chidakwa ali phee pamadzi. Kenaka madzi phwaa, ndodo n'kupindika mpaka m'manja.

Sindinakoke msanga. Ndinalibe mpata, dzanja lina linali pamphuno.

Chingwe chikulira, chikupita. Ikaima ndikulunga, ikathamanga ndiisiya. Kawiri inalowera ku udzu, ndinaikhotetsa. Hutala zii. Nthawi yonseyo, zii.

Ndinangoona a Fonsie ali pambali panga ndi ukonde wawo, akupuma movutika. Munthu wa zaka zimenezo kudumpha matanthwe. Anaiwola kamodzi kokha.

Yoyera ngati siliva, minga ya pamsana ili njo, diso likundiyang'ana mwaukali. Pa ndodo ya Bambo pali kamzere kofiira, muyeso wa boma: yosafika pamenepo imabwerera m'madzi. Ndinaigoneka pambali pake. Inadutsa kamzereko ndi chikhato chonse, n'kutsalako zina.

Foni m'thumba la pachifuwa. Netiweki yasankha lero kubwera. Bambo, mawu ouma: “Yaing'ono imeneyo. Ndikuiona bwinobwino ndili kuno. Ibweze, tingamangidwe.”

Ndinati Bambo, yadutsa mzere. Anati mzerewo unasuntha ndi chinyezi.

Ndinayang'ana a Fonsie kuti aweruze. Anavala magalasi, anayang'ana nsomba, anayang'ana galimoto pamwamba paja nthawi yaitali. Kenaka anati: “Chibadwire sindinagwirizanepo nayo nkhalamba imeneyi. Koma aka n'kamwana, Dympna. Kakuyamwa.”

Ndikanatha kukwera nayo. Inali m'manja mwanga, yolemera, yozizira, pangano lonse litathera pomwepo. Makatoni ali kale pakhomo. Ndinaganiza za bafa lija. Ndinaganizadi.

Ndinagwada, ndinachotsa mbedza, ndinaigwirizira m'madzi mpaka mchira unamenya. Inapita osathamanga.

Masana ndaimbira a kunyumba ya okalamba kuti malowo apatse wina. Mayi wake waulemu, wati mndandanda ndi wautali, mwina mpaka chaka chamawa. Cathal wafunsa ngati ndapenga. Ndati nsomba sinapezeke ya muyeso. Wati ndimutumizire chithunzi. Palibe anajambula.

Lamlungu, 14 Seputembala

Bedi tatsitsira m'chipinda chochezera, ine ndi a Fonsie, Bambo akulamula ali pa mpando. Linakanirira pa masitepe theka la tsiku. Khoma lakalika. Mawu amene akuluakulu awiriwa anauzana sindilemba, lero ndi Lamlungu.

Namwino azibwera m'mawa. M'bafa aika zogwirira Lachitatu, ndalama yake sindikudziwa ichokera kuti. A Fonsie ati azisuzumira madzulo aliwonse, osati chifukwa cha chifundo, koma kuti aone ngati nyumba yayamba kugulitsidwa. Ndapempha sabata ina kuntchito. Abwana ati chabwino, ndi mawu osonyeza kuti si chabwino. Za nyengo yozizira sindikudziwa. Mwina ndalakwitsa. Cathal sakuyankha foni.

Za Lachisanu palibe anatchula mpaka lero pa tiyi. Akupaka batala pa buledi, osandiyang'ana, afunsa kuti inkakoka bwanji. Ndati mwamphamvu. Ati ayi, ndiwauze bwinobwino, kuyambira pamene inaluma.

Ndawauza. Kugunda koyamba m'chigongono. Mmene imagwedezera mutu, chingwe n'kumanjenjemera mpaka m'mano. Mmene inalemerera itatembenukira ku udzu. Atseka maso, buledi ali m'manja, dzanja lamanja likukulunga pang'onopang'ono pa tebulo. Ndafotokoza mpaka pa ukonde.

Atsegula maso n'kuti ndodo ndinaitsitsa kwambiri, ndipo ndikadzachitanso zimenezo pa nsomba yeniyeni idzandithawa.