Mbedza Zitatu M'kabokosi ka Machesi

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale pansi.

Bwana ku Kabulonga akuti asunga wantchito mmodzi yekha, ine kapena kuki, ba Tembo. Ba Tembowo awanamiza bwana kuti mbedza za nthenga zogwilila nsomba za thilauti m'mitsinje ya ku Nyika amasankha ndiwo, chonsecho ndimamanga ndine. Loweluka bwana apita kokawedza ndi ba Tembo, osati ine. Mwana wanga wa miyezi inayi adya chiyani?

Masana ba Tembo andinong'oneza, "Mulamu, nsomba zimadya mbedza ziti?"

"Zowala izi, ba Tembo. Tengani zonse."

Mpaka kundithokoza! Zogwila zenizeni n'zitatu: yakuda ngati nyelele, ya nthenga ya nkhanga, ndi ya nthenga ya pakhosi pa tambala. Ndazibisa m'kabokosi ka machesi. Akabwele chimanjamanja, achite manyazi pamaso pa bwana. Koma nanga nsombazo zikapusa n'kudya zowalazo...