Emily wakana kutunga madzi

Golomoti, 14 Juni 2016

Okondedwa achimwene a Dumisani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kasunguko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mayi bondo lija silikuwapatsa mpata.

Kuno kwabwera maphunziro a Loweruka lililonse. Amayi a komiti yoteteza ana, motsogozedwa ndi a Josephine, amasonkhanitsa ana pabwalo la sukulu n'kumawauza kuti thupi lawo ndi lawo, ndipo mwana angathe kukana ngakhale womutumayo ali wamkulu. Ine poyamba ndinkati ndi zija za mabungwe, zobwera ndi malaya olembalemba n'kutha mvula ikagwa.

Amene akudana nazo kwambiri ndi a Gidiyoni, amuna a mayi aang'ono a Jessie. Akuyenda khomo ndi khomo kudandaula kuti ana ayamba mwano. Munthu amene sanabwerepo ngakhale pamsonkhano wa mjigo, lero wasanduka mlonda wa mwambo.

Mukudziwa kuti Emily wanga amawatungira madzi. Mwezi wathawu anakana. Ndinamukwapula, achimwene, pamaso pa a Gidiyoni omwewo, kuti aone kuti ndimalera. Anapita akulira, ndowa kumutu.

Pambuyo pake ndi pamene ndinaona kuti a Gidiyoni amamuitanitsa tsiku la msika lokha, mayi aang'ono akapita kukagulitsa tomato. Masiku ena onse madzi sawasowa.

Dzana ndinamufunsa mwanayo tikusenda chinangwa. Anati a Josephine anawaphunzitsa kuti wamkulu akakuletsa kukauza amayi ako, chimenecho ndiye chokanena. Ndinafunsa amene wamuletsa. Anangoyang'ana mpanda wa kwa mayi aang'ono.

Umboni ndilibe. Koma dzulo a Gidiyoni anabwera ndi sopo wa mwanayo, n'kundifunsa ngati wanena kanthu. Ine sindinawauzepo kuti pali kanthu koti anene.

Mayi akuti ndikhale chete, ukwati wa mng'ono wawo ungathe. Akutinso popanda mwinimbumba palibe choyambika. Mwinimbumbayo ndinu.

Chonde bwerani lisanafike Lolemba, tikapitire limodzi kwa a Josephine, atiperekeze kuchipatala ndi kupolisi. Mukapanda kubwera ndipita ndekha, ndipo mudzamva kuti mlongo wanu wachititsa manyazi mbumba. Manyazi amenewo ndawavomera kale.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni panjira.

Ndine mlongo wanu,
Lydia