Amake Ndani?

Area 11, Lilongwe
15 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Zikhale,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno kukuzizira koopsa, koma tikudzuka. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangofunsa kuti "zonse zili bho?" ine n'kuvomera, chonsecho mtima uli phaphapha.

Dzulo titachoka ku tchalitchi kunabwera a Rahima, aja ankagulitsa zitenje ndi amayi ku Old Town. Fiona wanga, mukumudziwa ndi makani ake, anatikakamiza masewera ena amene waphunzira ku koleji. Mmodzi amatsinzina, enafe timagwirizana liwu, ndiye aliyense amalemba pakapepala liwu limodzi lomuthandiza kuti alipeze. Awiri mukalemba zofanana, timapepala tanuto timatayidwa. Akalipeza tawina tonse, akalephera taluza tonse.

Tinaseka, achimwene, mpaka nthiti kuwawa! Bambo a Fiona analephera "chigumu", munthu woti amamaliza mbale yekha.

Kenako inafika nthawi ya amayi. Fiona anatinong'oneza kuti tiwapatse chosavuta agogo, dzina lanu. Iye ndi bambo ake onse analemba "Joni", timapepala tawo tinatayidwa. Ine ndinalemba "wachisamba". A Rahima analemba "amake", n'kumadzitama kuti apa tawina kale. Zoonadi, mumsika monse muja ndani amadziwa zoti dzina la amayi ndi Sophia? Chibadwire inu, iwo ndi Amake Zikhale basi.

Amayi anatsegula maso, anawerenga, anawerenganso. Kenako anati, "Amake ndani?"

Tinaseka poyesa nthabwala. A Rahima anawagwira phewa. "Iii asisi, musatiluzitse dala! Ine ndikamakuitanani ndimati chiyani? Amake...?"

Amayi sanaseke. Anayang'ana aliyense wa ife ngati mwana wosochera pa depoti. Ndiye anatembenukira kwa ine n'kufunsa motsitsa mawu, "Immaculata, kodi ine ndili ndi mwana wamwamuna?"

Ndinawatchulira dzina lanu, ndinawabweretsera chithunzi chanu cha paukwati chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anati munthuyo wavala bwino. Fiona anathawira kuchipinda akulira.

Ndikuopa, achimwene. Zija zothira mchere mu tiyi ndi kusiya ketulo pamoto ndinkaziyesa ukalamba chabe. Lachinayi tipita nawo kuchipatala, koma chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti lero aiwala inu, mawa ndine. M'mawa uno ndisanalowe kuchipinda kwawo ndinaima kaye pakhomo, kuopa kuti andifunsa kuti ndikufuna ndani. Mwamwayi anandidziwa.

Ndiye chonde, zodikira Disembala zija zisiyeni. Pemphani tchuthi, kwerani basi. Musavutike ndi bulangete lomwe munawalonjeza, bwerani ndi nkhope yanuyo, mwina akakuonani maso ndi maso ndi kumva mawu anu china chake chidzabwerera. Sindikudziwa ngati chidzabwerere, koma musachedwe.

Bambo a Fiona akupereka moni, Fiona nayenso, ngakhale akudziimba mlandu ngati walakwa ndi iye. A Rahima akuti akukuyikani m'mapemphero. Amayi ndawauza kuti ndikulembera Zikhale, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Aganiza pang'ono, akonza mpango wawo, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Muwapatse moni bambowo. Muwauze kuti adzatichezere tsiku lina, tidzadziwane."

Ndine mlongo wanu wamantha,
Immaculata