Nsungwi ya M'chigafa Ndasolola Ndine

Bambo a Eveline,

Musakuwe kuti kwabwera akuba. TV, dikoda ndi batire ndakweza ndine panjinga yanu, ndapita nazo kwa achemwali anu pamwamba pa phiri. Nsungwi yaitali ya m'chigafa ndasololanso ndine, ndikufuna ndikamangirirepo eriyo. Fodya wina wagwa pansi, pepani, mumutole mbuzi zisanalowe.

Inu muli kudimba, kwaya ya ku koleji ya Eveline inatuluka pa TV. Pa tchanelo chathu cha masiku onse chithunzi chimayenda bwinobwino, koma nkhope zonse ngati zili m'nkhungu, moti mwana wanga yemwe sindinamuzindikire. Nditasinthira ku chowala chija amati HD, mayo ine! Eveline uyo patsogolo pa onse, ngati waima m'nyumba muno. Ndinaona mpaka chipsera cha pachibwano, chija anagwa pangolo ali wamng'ono. Kenaka chithunzi chinasweka timabokositimabokosi n'kuima, mawu zii.

Ndaimbira a Festus okonza mawailesi. Akuti chowalacho chimafuna siginolo yamphamvu, ndiye kuno kunsi phiri limatitchinga. Ati tisankhe, cha nkhungu choyenda kapena chowala chodukaduka. Ine ndakana kusankha, n'chifukwa chake ndakwera phiri.

A TV abwereza kuonetsa kwayayo madzulo ano. Sambani mubwere, magalasi anu musaiwale. Kumtundako chithunzi chikakaimanso, bola chiime pankhope yake. Mwanayu sitinamuone chichokere pa Khirisimasi, ine ndikhala ndikumuyang'ana mpaka batire ithe.

Ndine wanu,
Ruti