Zithunzi za Zuleikha

Lolemba, 9 Sepitembala

Ayi, si ine. Ndilembe kaye zimenezi, poti tsiku lonse ndakhala ndikuyankha funso lomweli. Zithunzi za nikah ya Zuleikha, ukwati wake wa Chisilamu uja, kulibe. Pa khadi psiti, pa kompyuta psiti. Zatsala zochepa chabe za mkwatibwi akumupaka hina m'manja, basi.

Amalume a Ishaq anajambula okha Loweruka, kuyambira kumzikiti mpaka kuholo. Madzulo anasiya khadi ku situdiyo kuti a Mervis, omwe amakhala pa kauntala, akopere. Lamulungu khadi lomwelo anakajambulira kwaya ku Chilomoni. Lero mayi ake a Zuleikha abwera kudzasankha za mu alubamu. Kutsegula foda, mphepo yokhayokha. Mayi aja anangokhala pansi, pasimenti penipeni.

Ndiye amalume maso pa ine, chifukwa ndine ndinagwira pulogalamu. Inde ndinaigwira, koma ndinaikonza, sindinaiwononge.

Kompyuta ija ndi yakalekale, pulogalamu yokopera zithunzi imayenda pa sikirini yakuda, yolemba ndi kiyibodi basi. Anailemba Everson, mnyamata amene ankathandiza pa situdiyo, asanapite ku Joni. Munthu wamwano, pulogalamu yakenso yamwano. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, zofiira: "Wrong. Are you blind?" Pakavuta china, "FATAL. ABORT." kenako zii. A Mervis ankachita kupukuta manja pa chitenje asanaikhudze. Ine nditabwera ku holide kuchokera ku koleji ndinati iyayi, makina asamatukwane anthu akuluakulu. Ndinailembanso m'Chichewa. Imapereka moni. Ukalakwitsa imafunsa ngati umatanthauza chakuti. Ikamaliza kukopa imatsuka khadi, poti amalume ali ndi makhadi awiri okha. Mawu oopsa onse ndinachotsa.

Ndiye wina azinena kuti ndi ine?

Mutu ukuwawa. Fumbi la Chemusa lero ngati wina akusesa kumwamba.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Ndamva nkhani. Shamsa, mnzanga wa ku madrasa, wandiuza pa mpopi kuti a Mervis ndi Hamis anali pa chibwenzi. Hamis yemweyo, mwamuna wa Zuleikha. Akuti zaka zapitazo, ali ku sekondale ku Ndirande, kwawo kwa Hamis anakana chifukwa cha chipembedzo. Shamsa akuti Chemusa yense amadziwa, ine ndekha ndimagona.

Ehe. Ndiye taganizani. Munthu ali yekha mu situdiyo, khadi lili m'manja, pa sikirini chibwenzi chake chakale chikumwetulira ndi mkazi wina.

Lero ndinangowayang'anitsitsa a Mervis. Sanadye masana. Foni ikalira akutuluka panja. Ndinawafunsa mwachinyengo kuti kodi mkwati anatchena eti, iwo anati sanaone bwino. Sanaone bwino bwanji, zithunzi zinadutsa pamaso pawo?

Chikundipweteka n'chakuti ndine ndinawaphunzitsa. Tinakhala limodzi masana angapo, ine kumawafunsa mawu ati akuwaopsa, iwo kumanena, ine kumasintha. Tsiku limene inawapatsa moni koyamba anaseka mpaka misozi, ati, "Iii Nasima, ndiye tiziipatsanso tiyi?" Ndinkati ndapeza chemwali. Kapena ankangondiphunzira kuti adziwe pofufutira.

Mwina ndikuwaganizira zoipa. Koma ayi. Zikugwirizana kwambiri.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Ndawauza amalume. Sindinanene kuti afufuta ndi iwo. Ndinangonena za Hamis, ndi kuti pulogalamu yanga siitsuka khadi popanda munthu kuvomera. Zoona zokhazokha.

Amalume anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, nthawi yaitali.

Pa minibasi kondakitala wandiponda chala. Bandulo yatha.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Mervis wachoka. Amalume anamuuza kuti apume kaye kunyumba mpaka nkhani ione kolowera. Tonse tikudziwa tanthauzo lake.

Sanalire, sanakuwe. Anatenga kapu yake, chaja, ndi kajuzi kamene kamakhala pa mpando. Pa chitseko anatembenuka, kuyang'ana ine osati amalume. "Ine ndinachita zimene inandiuza."

Wolakwa aliyense amatero. Komabe mawuwo sakundichoka m'mutu.

Ali ndi mwana wa Sitandade 2. Sindinafune kuganiza zimenezo, zangobwera zokha.

Loweruka, 14 Sepitembala

Pa kauntala ndili ine tsopano. Ntchito yake si yamasewera. Anthu a zithunzi za pasipoti safuna kudikira, wina amafuna umuchotse chipsera, wina umuyeretse mpaka amayi ake asamuzindikire.

Mayi ake a Zuleikha nkhani aifikitsa paliponse. Kumsika, kumzikiti kwa azimayi, mpaka kwa telala. Akuti mtsikana wa pa situdiyo ndi wanjiru, anafuna kulodza banja la mwana wawo poyambira pa zithunzi. Dzulo wina anabwera osadzajambulitsa, anangofuna kuona "mpando umene ankakhala". Za Hamis anazimva kwa ndani mayi aja? Ine ndinauza amalume okha. Amalume anauza azakhali. Basi, wailesi yatseguka.

Za kulodza ine sindinanene. Zimenezo si zanga.

Chosangalatsa chimodzi: gulu lathu la okonda zolemba mapulogalamu likumana mwezi wamawa ku Zingwangwa, andipatsa mpata ndionetse yangayi. Mutu wake ndaupeza kale, sikirini yakuda yaulemu. Ndikawauza kuti amalume sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndiye uthenga usamadalire mtundu. Kuti munthu akalemba "thandizo" kapena "help" zonse zizigwira. Kuti si aliyense anaphunzira Chingelezi cha makompyuta, ndipo munthu wochita mantha ndi amene amalakwitsa kwambiri. Anyamata aja adzaseka, amakonda zovuta kuti azioneka anzeru. Asekeretu.

Ndinasintha pasiwedi. Mervis akhoza kukhala ndi kiyi wina, ndani akudziwa.

Lolemba, 16 Sepitembala



M'mawa amalume anabwera ndi khadi la chinkhoswe cha ku Bangwe. Anati akopa okha, aphunzire, poti anthu ndi osadalirika. Ine ndili pambali ndikudula zithunzi za pasipoti. Inawapatsa moni, iwo anayankha mokweza kuti ali bwino kaya iyo. Inayamba kukopa. Patangopita kanthawi inaima, n'kulemba:

"Pepani, pachitika kavuto pang'ono, koma musadandaule. Tipitirize? Dinani Enter ngati mukuvomera."

Amalume anawerenga pang'onopang'ono ndi chala, n'kunena kuti chabwino, yanena yokha kuti tisadandaule. Chala chikupita pa Enter. Ine sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji, sizasi inagwa, ndinawagwira dzanja ngati mwana akufuna kugwira mbaula.

Disiki ndi yodzaza. Yodzaza kuyambira kalekale. Zinakopedwa zithunzi zochepa, malo n'kutha. Ndipo chotsatira ukadina Enter ndi kutsuka khadi.

Uthenga umenewo ndinalemba ndine. Umodzi womwewo pa vuto lililonse, laling'ono ndi lalikulu, chifukwa ndinkafuna munthu asagunde mtima. Ndinkayesera pa zinthu zopepuka, dzina la foda lolakwika, khadi losalowa bwino. Za disiki kudzaza sizinandifikire m'mutu. Ya Everson inkatukwana, inde, koma inkaima. Yanga inapepesa bwinobwino n'kupitiriza.

Ndinalemba mmene timauzirana zovuta kwathu kuno. Agogo atamwalira ku Mangochi foni inabwera yoti adwalako pang'ono, tibwere. Amayi anamva pomwepo, anayamba kulongedza zitenje za maliro, chifukwa anamva mawu a munthu, kunjenjemera kwake. Kompyuta ilibe mawu onjenjemera. Ikati pang'ono, munthu amakhulupirira kuti ndi pang'ono.

Amalume sanalumikize zimenezi ndi za nikah zija. Anangoti ndachita bwino kuona msanga, tigule disiki ina. Anandigulira fanta. Ndinamwa.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Sindinanenebe.

Maganizo oipa akubwera okha. Akuti bwanji ungokonza mwakachetechete, ndani adziwe? Akutinso Mervis akanafunsa, bwanji sanafunse? Koma afunse chiyani, chinthu chamuuza kuti asadandaule, ndipo ine mwini ndinamuuza kuti iyi siiluma, azingoikhulupirira.

Ndakonza. Tsopano malo akatha imaima, n'kulemba kuti: "Zithunzi SIZINAKOPEDWE zonse. Disiki yadzaza. Khadi lanu silinakhudzidwe, musalijambulire. Chotsani zina pa disiki kenako muyambirenso." Palibe pepani, palibe chitonzo. Siitsukanso khadi isanaonetsetse kuti chithunzi chilichonse chafika. Ndipo pofuna kutsuka uyenera kulemba mawu onse akuti TSUKA, Enter yekha sakwanira. Ndinawerengera azakhali uthengawo osawafotokozera kanthu, ndinawafunsa kuti amva chiyani. Anati amva kuti zinthu zavuta koma sizinatayike. Ndi zimene ndinayenera kuchita poyamba paja, kufunsa munthu.

Khadi la nikah ndaliyesa ndi pulogalamu yobweza zofufutidwa. Za kuholo zabwerako zambiri ndithu. Za kumzikiti kwaya inakhala pamwamba pake, zapita. Pali chimodzi theka ndi Hamis wavala mkanjo wake wa kanzu, theka ndi azimayi a kwaya atakweza manja. Ndinaseka, kenako ndinalira.

Lachitatu, 18 Sepitembala

Ndapita ku Machinjiri. Minibasi ziwiri, kenako wapansi, kufunsa nyumba kwa anthu amene amandiyang'ana ngati ndabwera kudzalanda katundu.

Ndinawapeza a Mervis akuchapa yunifolomu ya mwana. Sanandipatse mpando. Ndinafotokoza zonse nditaima, disiki, uthenga, Enter. Ndinalankhula mothamanga ngati ndikuyankha mayeso. Iwo akungofinya malaya.

Anandifunsa kuti za Hamis zinalowa bwanji pa nkhani ya disiki. Anati Hamis anamuiwala kalekale, ali ndi bambo a mwana wawo ku Nacala amene amawaimbira masana alionse, ndi foni zimene ndinkaziona zija. Anati tsiku lija sanadye chifukwa anali ndi mantha, osati njiru. Kutchalitchi kwawo nkhani yafika, Lamulungu mayi wina anasuntha pa benchi iwo atakhala.

Ndinati ndiwauza amalume, ntchito ibwerera. Anaseka pang'ono. Anati ntchito ndi ntchito, angathe kugulitsa kaunjika. Dzina ndi limene akufuna.

"Ukanene pamaso pa mayi ake a Zuleikha. Ndi pakamwa pako. Osati kavuto pang'ono, unene chimene chinachitika."

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi thumba la makala.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Amalume ndawauza. Magalasi sanavule ulendo uno. Anandiyang'ana nawo. Anati iwo achotsa munthu wosalakwa chifukwa cha mawu a mwana wa mlongo wawo, ndipo tchimo limenelo tigawana. Kenako anafunsa ngati ndikudziwa pakamwa pa mayi aja. Ndikudziwa. Mawa lomwe Chemusa yense amva kuti Nasima wa ku koleji ndi amene anadya ukwati wa Zuleikha. Shamsa ayamba ndiye.

Anati akhoza kunena okha kuti makina anavuta, osatchula munthu. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma akatero mayi aja azingoti tikubisa wanjiru uja.

Amalume awaitana mayi aja kuti abwere mawa, mapemphero a Juma akatha kumzikiti. A Mervis nawonso.

Za ku Zingwangwa sindikudziwa. Mwina ndipita, koma mutu uja usintha.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Ndili kuseri kwa nsalu yojambulirapo, ija ya mathithi. Ndati ndikufuna chingwe. Palibe chingwe chimene ndikufuna.

Kuyambira m'mawa ndakhala ndikuyeserera. Nthawi iliyonse pakamwa pakuyamba pokha ndi "pepani, panangochitika", ndiye ndikudziluma lilime. Ndiyambe chonchi: zithunzi za kumzikiti zinatayika, sizibweranso, anachititsa ndine, a Mervis sanalakwe. Pepani abwere pambuyo.

A Mervis afika kale, akhala pa benchi la makasitomala, osati pa mpando wawo. Avala zakutchalitchi.

Panja pamveka mawu. Mayi aja sanabwere okha, ndikumva azimayi ena, mwina atatu, wina akufunsa kuti ali kuti mfiti ija. Amalume akundiitana dzina lonse.