Galu Amene Tamutsekera Kuseri

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi akazi anzanga ndi ana. Nanga mwendo uja unasiya kukuvutani? Kuno ana ali bwino ndithu. Koma ine mtima uli m'malere chifukwa cha ang'ono anuwa.

Paja mukudziwa kuti dera lonse lino dokotala wa ziweto wa boma anatsala okha. Mnzawo anapuma pantchito, wina anathawira kukampani ya nkhuku. Ng'ombe ikadwala ndi iwo, nyama yofunika kuyeza kophera ndi iwo. Chakudya amadya choimirira, ana akawafunsa kanthu amangokalipa. Furiji ya kuofesi inafa kalekale, ndiye katemera wa agalu amakhala m'furiji yanga, pambali pa mkaka wa ana.

Sabata yatha akubaya agalu katemera wa chiwewe pabwalo la sukulu, galu wina wosadziwika mwini wake anawaluma padzanja. Anangotsuka ndi sopo, kupoperapo mankhwala aja amapopera pa zilonda za ng'ombe, n'kupitiriza ntchito. Munthu wamkulu kudzisandutsa ng'ombe, alamu!

Ndinawauza kuti apite akabayitse. Akuti pachipatala chapafupichi mankhwala ake palibe, kuchipatala chachikulu n'kutaya tsiku lathunthu, pomwe katemera wa agalu sachedwa kuwonongeka ndi magetsi ozimazimawa. Galuyo anabwera naye kuno, tamutsekera m'khola la waya kuseri. Akuti ndi mmene amachitira pantchito yawo: kumuyang'anira masiku angapo, akakhala bwinobwino ndiye kuti analibe chiwewe.

Ndinawakumbutsa kuti iwo omwewo amauza anthu pamisonkhano kuti wolumidwa athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Anangoseka, akuti ndayamba udokotala liti.

Dzulo galu uja anasiya kudya. Lero m'mawa tamupeza akutafuna waya, dovu lili chuchuchu, kulira kwake kwasinthiratu. Ang'ono anu anaima pamenepo nthawi yaitali. Mumtima ndinati basi, lero apita kuchipatala. Koma anatembenuka n'kunena kuti, "Ngati uyu ali nacho, ndiye kuti agalu a mbali ya kusukulu ali nachonso. Ana amadutsa pomwepo. Ndimalize kaye kumeneko."

Ndinabisa makiyi a njinga yamoto m'thumba la mpunga, ndipo sindikupepesa. Sanandikalipire n'komwe. Anamangirira bokosi la katemera panjinga yakapalasa ya aneba, n'kumapita, dzanja lili lomanga ndi nsanza.

Alamu, ndili ndi mantha. Boma lidzapeza dokotala wina, koma anawa bambo wina ndidzawapezera kuti? Ine mawu anga anatha mchere. Munthu amene amamuopa ndi inu nokha amene munawalera. Pafoni adzangokuyankhani kuti "chabwino achimwene," kenako n'kukwera njinga. Bwerani nokha, muwagwire dzanja lomwelo mpaka pakhomo la chipatala. Kalatayi ndipatsira kondakitala wa basi yamasana kuti muilandire lero.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumbako. Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mulungu akusungeni, muyende bwino pobwera.

Pamene ndikumaliza kulembamu, kuseri kuja kwangoti zii. Ndikuopa kukasuzumira.

Ndine mlamu wanu,
Make a ana